Liwu Limodzi ndi Gudumu la Njinga

Nyumba yathu pa Kamwendo inali pafupi kwambiri ndi msewu waukulu, moti lole ikamadutsa makapu ankaimba okha m'kabati. Kuchoka pakhonde kukafika pa tala panali mapazi makumi atatu a munthu wamkulu. Ndinawawerenga ndekha kangapo, chifukwa mwana wanga wachitatu, wamkazi, ankawamaliza mapazi amenewo ine ndisanaike n'komwe sipanala pansi.

Ntchito yanga inali yokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo kwa nyumbayo. Zinali zaka zija matipate atakhazikika, munthu mmodzi akuvala malaya a chipani china, nsalu ya chipani china ali nayo pabedi. Njinga zinali mbwee: za akabaza, za a fodya, za anyamata okweza shuga kupita kumalire. Ntchito sinkasowa. Chosowa chinali mtendere.

Mwanayo anali ndi zaka zinayi koma sankayankhula. Kumva ankamva, chifukwa tcheni cha njinga chikalira kuseri kwa msika ankatembenuka. Koma kumuitana dzina kunali ngati kuitana mtondo. Sankayang'ana munthu m'maso, sankasewera ndi anzake. Ankatha m'mawa wonse akundanda zitsekerero za mabotolo pakhonde, kenako n'kungodzambatuka, liwiro, kulunjika kumsewu.

Tsiku lina lole yochokera kumalire inamanga mabuleki mpaka matayala kununkha. Dalaivala wake, bambo wa ku Zambia, anatsika. Sanatukwane. Anangokhala pamwala n'kunena kuti, "Nipempako manzi." Mwanayo anali chiimire pafupi ndi tayala lakutsogolo, akulisisita ngati mwana wa mbuzi.

Titadya, mkazi wanga anandiuza maganizo ake.

"Bambo, tikakumba mtedza, mwanayu ndikukamusiya kwa amayi ku Dambe. Kumeneko kothamangira n'kwambiri, ndipo chomwe angagundane nacho ndi nkhuku."

"Ndiye tizimuona liti?"

"Pa Khirisimasi. Kuona mwana pa Khirisimasi n'kwabwino kusiyana ndi kukamuona kumanda."

Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo akati apite kwa agogo ake, bambo amangothandiza kunyamula katundu. Koma mwana ameneyu ndiye ankakhala nane pantchito tsiku lonse. Sanandiitanepo kuti "ababa" ngakhale kamodzi, komabe akatopa ankabwera kudzatsamira msana wanga ngati khoma, ndipo ine ndinkagwira ntchito mosasuntha kuti khomalo lisagwe. Mtedza unali utangochita maluwa. Ndinali ndi miyezi iwiri ndi theka.

Tsono ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma kuwerenga sindinaleke. Ndinkawerenga nyuzi yokulungira usipa ndisanadye usipawo. Ndinkawerenga timapepala ta m'mabotolo a mankhwala a ng'ombe, ng'ombe ndilibe. Pa kaunjika ndinagulapo buku la malamulo a pamsewu lopanda chikuto, ndipo ndi limeneli ndinaganiza zopulumutsira mwana wanga. M'mawa uliwonse ndinkamukhazika pa chigubu n'kumuwerengera tsamba limodzi, Chingerezi kaye kenako Chichewa. Tinafika pa mutu wa zizindikiro za njanji tsiku lomwe anathawira kumsewu kasanu.

Namwino wa ku sikelo ndiye anatiuza kuti ku chipatala cha ku Boma kuli mayi wothandiza ana olumala, amene anakachita maphunziro a kaphunzitsidwe ka ana ngati wathuyu. Tinapita, anatilemba, ndipo Lachinayi lina mayiyo anatulukira pa njinga yamoto, chipewa chake chachitsulo chachikulu ngati mphika wa paukwati. Njira yawoyo inali ndi dzina la Chingerezi lalitali, moti iwo omwe ankangotchula zilembo zake zoyamba.

Ine ndinali nditakonzekera mafunso khumi ndi awiri, olemba pa katoni ya machubu. Mayiyo anandiimika ndi dzanja.

"Bambo, gwirani ntchito yanu ngati kulibe mlendo. Lero ndabwera kudzaona basi."

Anakhala pa kampando m'mawa wonse ndi kope pamwendo. Mwanayo anathawira kumsewu kanayi. Kanayi konseko ndinachita zomwe ndinkachita masiku onse: kuponya zitsulo, kukuwa, kuthamanga patapata imodzi itatsala m'mbuyo, kumugwira, kumukweza m'mwamba, n'kubwerera naye atakhala pamapewa panga ndikumufotokozera za kuopsa kwa msewu.

Dzuwa litafika paliwombo mayiyo anatseka kope.

"Mwanayu ndi wanzeru," anatero, "ndipo mphunzitsi wake ndi wakhama."

"Sapita ku sukulu, mayi."

"Ndikunena inuyo."

Mkazi wanga, amene ankayamwitsa khanda lathu pakhonde, anasendera pafupi kuti asaphonye kanthu.

"Pa chilichonse chomwe mwana amachita," mayiyo anapitiriza, "muziyang'ana zitatu. Chomwe chinalipo asanachite, chomwe wachita, ndi chomwe chabwera pambuyo pake. Asanathamange, bambo ake awerama pa njinga ya munthu wina, sakumuyang'ana. Akathamanga, bambo ake akukuwa, akuvina ndi patapata imodzi, akumuulutsa m'mwamba, akumubweza pa kabaza waulere. Tandiuzeni, pa Kamwendo pano pali sewero lina loposa limeneli? Ndikanakhala ine, bwenzi ndikuthamanga kakhumi."

Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje. Mapewa okha ndiwo ankaoneka kuti akugwedezeka.

"Ndiye ndizimusiya agundidwe?" ndinafunsa.

"Ayi. Muzimugwira msanga, koma nkhope yanu izikhala ngati ya munthu wodikira basi. Osakuwa, osamukweza, osalalikira. Chikondwerero chonsecho tichisamutse, tikachiike pa kuima. Timuphunzitsa liwu limodzi lokha: Ima."

Kachitidwe kake kanali kotere. Tiyambire kuseri kwa nyumba, kutali ndi msewu. Mayi ake aziyenda naye atamugwira dzanja. Ine ndinene kuti "Ima." Mayi ake amugwire mapewa pang'ono kuti aime. Akangoima, nthawi yomweyo, osati mawa, osati ndikamaliza kumata chubu, alandire chinthu chomwe amachikonda koposa. Tikabwereza kambirimbiri, dzanja la pamapewa lizipepuka mpaka lidzachokeretu.

Vuto linali chinthu chokondedwacho. Tinayesa mtedza wokazinga, anautaya. Tinayesa siwiti, anamunyambita kamodzi n'kumumata pakhoma. Tinayesa zitumbuwa, anangozinunkhiza. Pofika tsiku lachinayi, amene anali ataphunzira anali thadzi lathu lofiira: ndikangoti "Ima" linkabwera liwiro n'kudzaima pamapazi panga khosi lili m'mwamba. Ndinamuuza mkazi wanga kuti njirayo ikugwira, kungoti yalowa mwa wophunzira wina.

Mayi wa ku Boma atabweranso Lachinayi anandifunsa funso limodzi.

"Kumsewuko mwanayu amatsata chiyani?"

"Imfa, mayi."

"Bambo, taganizani ngati wokonza njinga."

Ndinatembenuka. Mwanayo anali atagwada pafupi ndi njinga yomwe ndinaigadabuza, nkhope pafupi ndi masipoko, akuyang'ana gudumu likuzungulira, manja ake akukupiza ngati mapiko. Zaka zinayi ndinali nditakhala pakati pa magudumu, ndikuwerenga za njanji.

Ndinatenga gudumu lakutsogolo lakale, ndinaliwongola, ndinalipaka girisi mpaka linkazungulira osamveka. Ndikagwira kachitsulo ka pakati ndi manja awiri, mkazi wanga n'kulikankha, linkayenda nthawi yaitali. Mayiyo anati lizikhala m'thumba la feteleza, lizituluka pokhapokha mwana waima.

Anandisiyiranso mapepala asanu ndi limodzi a Chingerezi, poona kuti ndine munthu wa mabuku. Ndinatulutsa dikishonale yanga monyadira. Koma dikishonale imeneyo ndinaigula kwa mkulu wina wosuta chingambwe, ndipo masamba onse kuyambira pa P kukafika pa S anali atapita ndi utsi. Mawu onse ofunika m'mapepalamo ankayambira pa P ndi pa R. Liwu lina lomwe linkabwera pa mzere uliwonse ndinakafunsa mmisiri womanga nyumba, amene anati amalidziwa bwino: ndi zitsulo zomwe amaika m'simenti pamwamba pa zenera kuti khoma lisang'ambike. Ndinatha masiku awiri ndikuyang'ana mwana wanga, ndikudzifunsa kuti zitsulozo zilowa pati. Mayiyo atamva anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anati mmisiriyo sananame kwenikweni: liwulo limatanthauza kulimbitsa, ndipo gudumu ndilo chitsulo chathu.

Cholakwa changa chachikulu chinali pakamwa. Liwu limodzi linkandichepera. Ndinkayamba bwinobwino kuti "Ima," koma kumbuyo kwake kunkatsatira abale ake: "Ima, mwana wanga, chifukwa ukapanda kuima, monga tinaonera tsiku lija la lole…" Pofika pa lole, mwana anali ali kukhola la nkhuku.

"Bambo," anatero mayi wa ku Boma, "mawu anu ndi okoma, koma mwanayu akumira nawo. Limodzi. Mukatero mutseke."

Mlungu wotsatira ndinayamba kuchita bwino, ndipo ndinkadziyamikira ndekha. Ndinkaonanso kuti mkazi wanga wayamba kundikonda mwatsopano, chifukwa nthawi ndi nthawi ankandiponyera kamtedza kokazinga m'kamwa, manja anga ali pa gudumu. Panatha masiku khumi ndisanazindikire kuti kamtedzako kankabwera pokhapokha ndanena liwu limodzi n'kutseka pakamwa.

"Mayi, kodi mukundiphunzitsa?"

"Mayi a ku Boma aja anandiuza kuti ndipeze chomwe mumakonda," anatero mkazi wanga. "Inu simunavute ngati mwanayu."

Linali Lachiwiri la mlungu wachitatu pamene zinachitika. Mayi ake anali atamusiya dzanja, akuyenda kumbuyo kwake. Mwanayo anayamba kathamangidwe kake kaja, kulunjika kumpanda wa aneba. Ndinati, "Ima." Ndipo anaima. Popanda womugwira. Anaima ngati wapondedwa buleki, n'kucheuka, n'kundiyang'ana, ine, m'maso, kudikira gudumu lake.

Ndinalizunguza. Litangoleka, ndinathamangira kutsogolo kwa nyumba, mikono m'mwamba, ndikukuwa kuti Kamwendo yense amve: "Waima! Waima! Anthuni, waima!"

Pafupi ndi mtengo wanga wa mango pankakhala mayi wina wogulitsa tomato, munthu wabwino mtima amene nkhani sinkagona m'kamwa mwake. Anaomba m'manja n'kulululutira. Ine ndinamuthokoza. Sindinaganize n'komwe kuti m'Chichewa chathu mwamuna akamakuwa kuti "waima," anthu sayang'ana miyendo ya mwana, amayang'ana mimba ya mkazi wake. Uthenga unakwera kabaza masana omwewo.

Patatha masiku atatu apongozi anga anatsika matola ndi kathumba ka ufa pamutu, nkhope ili gwa. Mkazi wanga anali kuchigayo, ana aakulu kusukulu. Monga mwa mwambo, mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Iwo anakhala kumapeto kwa khonde atayang'ana kukhola, ine ndinanjuta patsinde pa mango nditayang'ana kumsewu, mwana wanga ali pakati pa miyendo yanga. Kuti timvane tinkayenera kukweza mawu, ndipo mayi wa tomato anasiya kuitana makasitomala.

Titapatsana moni, apongozi anayamba.

"Ndamva uthenga."

"Uthenga wanji, amayi?"

"Akuti waima."

"Eee, amayi! Ndi zoona. Waima."



"Ndipo mukusangalala."

"Kwambiri, amayi. Tavutikira. Milungu itatu, m'mawa ndi masana, osapumula."

"Masana."

"Masana ndiye bwino, kumakhala kukuwala. Kuseri kwa nyumbaku, pafupi ndi khola la nkhuku."

Apongozi anatsokomola.

"Khanda lija lasiya kuyamwa?"

"Ayi, likuyamwa bwinobwino. Limakhala pompo pamphasa, kumaonerera."

"Mayo ine."

"Poyamba sitinkadziwa kachitidwe kake, amayi. Ine ndinkalongolola kwambiri. Anatiphunzitsa ndi mayi wina wa ku chipatala cha ku Boma. Amabwera Lachinayi lililonse, amakhala pakampando ndi kope, tikalakwitsa amatikonza."

"Matipate aja ndi amenewa," apongozi anauza nkhuku.

"Ndipo akuti tisalekere pomwepa. Akuti aliyense ayeseko, ngakhale aneba, kuti azolowere anthu osiyanasiyana."

Pamenepo ndinamva chitenje chikukutumuka. Nditacheuka, apongozi anga anali ataimirira, atatembenuka, akundiyang'ana kumaso koyamba pa zaka khumi ndi chimodzi za ukwati wanga. Mwamwayi mkazi wanga anatulukira ndi ufa pamutu, khanda kumsana. Mayi ake anamukokera m'nyumba osampatsa mpata wotula. Ndinamva manong'onong'o, mawu oti "kutumbiza" kawiri, kenako chete. Kenako mkazi wanga anatuluka chokwawa, ufa uli m'tsitsi, akulephera kupuma ndi phwete. Anandiloza, anayesa kuyankhula, analephera, anagona pakhonde.

Apongozi sanaseke. Anatuluka, anakhalanso moyang'ana kukhola, n'kunena kuti poti abwera kale, adikira mtedza ukumbidwe, adzapite ndi mdzukulu wawo monga anagwirizana ndi mwana wawo. Zoima kuseri kwa nyumba anati azimva, koma lole sizidutsa kuseri kwa nyumba.

Ananena zoona, ndipo mayi wa ku Boma anavomereza. Anati mwana ngati wathuyu akaphunzira chinthu pafupi ndi khola, amayesa kuti ndi lamulo la pakhola pokha. Tinayenera kuyambiranso kutsogolo kwa nyumba, kenako pamsika, kenako m'mbali mwa msewu weniweniwo, mayi ake atamumanga chitenje m'chiuno n'kugwira nsonga yake.

Tsiku loyamba m'mbali mwa msewu ndinakuwa kuti "Ima!" ndipo minibasi ya ku Lilongwe inaima. Kondakitala anatsetsereka chitseko chisanatseguke chonse.

"Tiyeni akulu, malo alipo! Gudumulo tiika pamwamba."

"Sindikupita, achimwene."

"Nanga mwatiimitsiranji?"

"Ndimauza mwanayu."

Anayang'ana mwanayo, amene anali ataima bwinobwino kudikira gudumu lake, anayang'ana ine ndikulitulutsa m'thumba la feteleza.

"Mwanayo ndi minibasi?"

Mawa lake inaimanso yomweyo, ndi kondakitala yemweyo. "Madala, mwayambanso? Mafuta athu mukuwadziwa mtengo wake?" Tsiku lachitatu dalaivala anangoliza hutala n'kudutsa, kondakitala atatulutsa mutu pawindo akukuwa kuti, "Ima! Ima!" Mwana wanga anaima. Ndinazunguza gudumu. Mayi wa ku Boma anati zimenezo n'zabwino kwambiri, wapeza mphunzitsi wina waulere.

Gudumulo linkapita nane paliponse. Kumjigo, kugolosale, kumaliro. Kutchalitchi ndinkaliika pansi pa benchi, mpaka mkulu wa mpingo anandikokera pambali kundifunsa ngati ndikufuna kuti alipempherere. Akabaza a pasiteji anatenga nkhaniyo ngati yawo. Ndikamadutsa ndekha, mwana ali kunyumba, mmodzi ankakuwa kuti "Ima!" ndipo chomvetsa manyazi n'chakuti ndinkaima. Miyendo inkaima yokha, mutu usanafunsidwe.

"Mupatseni gudumu!" ankatero anzake. "Wakhoza!"

Amene anakana kuphunzira anali apongozi. Tinawapempha kuti ayeseko, ndipo anayesa mwa njira yawo.

"Iwe mwana iwe, taima kaye pamenepo, agogo ako akukuitana."

Mwanayo anapitirira ngati sanamve kanthu.

"Amayi," anatero mkazi wanga, "liwu limodzi lokha. Ima."

"Mdzukulu wanga ndimuuze ngati ndikuuza ng'ombe ya pangolo? Ine sindinaleredwe choncho."

Mwakuti kwa iwo mwanayo sanaimepo ngakhale kamodzi, ndipo umenewo anautenga ngati umboni. "Amaima kwa atate ake ndi gudumu lawo," anauza mwana wawo, mokweza kuti ndimve kumango. "Tsiku lomwe atate ake adzadwale malungo, adzamuimitsa ndani?"

Mtedza tinakumba, tinauyanika, tinauthothola. Ine ndinkathothola pang'onopang'ono moti mkazi wanga anandifunsa ngati ndikuupatsa moni umodziumodzi. Koma unatha. Apongozi anasankha tsiku la msika, poti ndi pomwe matola a ku Dambe sasowa. Zovala za mwanayo zinalowa m'jumbo imodzi. Gudumu ndinaliika m'thumba lake n'kumanga kukamwa ndi lamba wa chubu, mfundo zitatu, kuti apite nalo.

Tinakaima pasiteji. Anthu anali pikitipikiti, a kaunjika akukuwa, mbuzi zikulira pa makaliyala. Apongozi anagwira mdzukulu wawo dzanja, poti kuyambira tsiku limenelo anali wawo. Ine ndinaima patali pang'ono monga mkamwini, katundu ali pamapazi panga.

Kenako panatulukira mayi wina wachikulire wa kwawo ku Dambe, amene apongozi anali asanaonane naye chiyambire dzinja. Munthu wamkulu sapatsidwa moni ndi dzanja limodzi. Apongozi anapinda maondo, anatambasula dzanja lamanja, lamanzere n'kugwira pamkono monga mwa ulemu. Dzanja lamanzerelo ndi lomwe munali mwana.

Ndinamuona akupita. Ndinaonanso lole ya feteleza ikuchokera ku Lilongwe, magudumu ake ambirimbiri akuzungulira, onse okongola. Ndinatsegula pakamwa. Mawu onse omwe ndinawerengapo chibadwire anathamangira pakhomo nthawi imodzi n'kupanikizana pomwepo. Sipanatuluke ngakhale limodzi.

"IMA!"

Anali apongozi. Liwu limodzi, louma, lomwe amaitanira nalo anthu kudimba kutsidya kwa dambo. Pambuyo pawo linabwera la mayi wa tomato, la akabaza, la kondakitala wina amene sindinkamudziwa n'komwe.

Mwana wanga anaima, zala za kumapazi zitagunda m'mphepete mwa tala. Lole inadutsa, mphepo yake inamukweza diresi. Iye sanaiyang'ane. Anali atacheuka, akufunafuna gudumu lake.

Sanaime yekha. Inaima minibasi, anaima akabaza awiri, anaima bambo wina wokoka mbuzi pamodzi ndi mbuzi yake. Ine ndinagwada pa thumba la feteleza ndikulimbana ndi mfundo zanga zitatu, zomwe ndinazimanga mwaluso ndithu. Ndinayesa ndi zala, ndinayesa ndi mano.

"Madala, mukuchedwa!" anakuwa kabaza wina. "Amati nthawi yomweyo!"

Anatembenukira kasitomala wake, bambo wa jekete amene anali atakhala kale pakaliyala. "Bwana, tatsikani kaye." Bamboyo asanamvetse, njinga inali itagadabuzidwa pafumbi, kabaza akupalasa ndi dzanja, gudumu lakumbuyo likulira. Mwana wanga anachoka kumsewu yekha, anadzagwada pafupi ndi masipoko, manja akukupiza. Apongozi anafika, anamugwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kugwada naye pafumbipo. Anakhala choncho mpaka gudumu linaleka. Kabaza analizunguzanso, osauzidwa.

Matola a ku Dambe anabwera, anthu anayamba kukwera. Apongozi anadzuka, anasasa chitenje, anatenga kathumba kawo. Jumbo ya zovala anaikankhira ndi phazi kwa mwana wawo. Kenako anandifulatira bwinobwino monga mwa mwambo, n'kuyankhula ndi tayala la galimoto.

"Auzeni bambo a kunyumba kwanu kuti mwana atsale. Kwathu kulibe anthu okuwa chonchi. Koma amange mpanda, wa chitseko chotseka. Sitingamaimitse msika wonse tsiku lililonse."

"Ndamva, amayi," ndinauza thumba la feteleza. Ndinafuna kuwonjezera mawu ena othokoza, amene ndinali nditayamba kale kuwasanja m'mutu, koma galimoto inanyamuka.

Lachinayi mayi wa ku Boma atamva nkhaniyo sanalululutire. Anati kuima kamodzi si kuima kwa masiku onse, tipitirize m'mawa ndi masana, ndipo za mpandazo agogo anena zomwe iwo anakhala akufuna kunena. Anatsegula tsamba latsopano m'kope mwake n'kulemba liwu lachiwiri loti tiyambe: Bwera.

Mpandawo ndinamanga ndi nsungwi ndi udzu, masiku asanu ndi anayi. Ndinali nditawerengapo za kamangidwe ka mipanda, choncho unapendekera kumadzulo, ndipo chitseko chinkatseguka pokhapokha utachinyamula pang'ono n'kuchikankha ndi bondo. Mkazi wanga anati chimenecho ndiye chabwino, mwana sangachithe, ngakhale alendo.

Tsiku lomwe ndinamaliza, mwanayo anazungulira mpanda wonse m'kati akugwira nsungwi imodziimodzi, kenako anakakhala pakhonde ndi zitsekerero zake. Mayi ake anatulutsa beseni ndi zovala. Anachapa atafulatira msewu, ndi manja onse awiri, akuimba.